Kanema wa Mayi Palibe

1

Ku koleji ya aphunzitsi kumene ndimagwira ntchito amanditcha Madamu Masekondi. Amaganiza kuti sindidziwa, koma dzinali ndimalikonda chifukwa ndinalikhetsera thukuta. Phunziro limene ndinatchuka nalo ndi lalifupi: ukafunsa ana funso, tseka pakamwa, uwerenge masekondi asanu mumtima usanalankhulenso. Mwana amafuna nthawi yoti aganize, koma aphunzitsi ambiri amafunsa n'kudziyankha okha mwanayo asanameze n'komwe malovu. Zimenezi ndinazifufuza, ndinalemba chibuku chonenepa, ndipo anandipatsa nacho digiri yachiwiri ndi ofesi ya kapeti.

Koma ophunzira sakumbukira buku. Amakumbukira kanema.

Kanemayo ndi wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Muli mphunzitsi wamkazi wachikulire, wovala diresi yabuluu ya kolala yoyera, nkhope yake titaiphimba ndi kachifunga kuti asadziwike. M'buku langa ndinamutcha Mphunzitsi B. Amafunsa ana a kalasi yachinayi kuti, "Sikisi kuchulukitsa ndi folo, yankho n'chiyani?" Kamtsikana kena kamayankha momveka bwino, "Twente-folo." Mphunzitsiyo amangoti duu, kenaka amati, "Palibe? Chabwino, ndinene ndekha." Amafunsa lina, ana amayankha, iye yemweyo, "Palibe? Chabwino, ndinene ndekha." Mpaka kanema kutha.

Ophunzira anamupatsa dzina loti Mayi Palibe, ndipo mawu akewo anasanduka nthabwala ya koleji yonse. Mnyamata akafunsira mtsikana n'kukanidwa, anzake amamukuwiza kuti, "Palibe? Chabwino, ugone wekha!"

Chaka chatha, teremu yachiwiri, ndinalowa mu holo muli ophunzira a chaka choyamba oposa zana. Anzawo a chaka chachiwiri anali atawatsina kale khutu, moti ndisanayatse n'komwe pulojekita anayamba kumenya madesiki, "Tikufuna Mayi Palibe!" Ndinawapatsa. Anaseka chikhakhali mpaka ena kutsetsereka pamipando, ine nditaima pambali ndi wotchi yanga, mtima uli mbee. Koma pamzere wachitatu panali mtsikana mmodzi amene sanaseke. Anakhala chowongoka, manja ali pamiyendo, maso ali pa ine osati pa kanema. Ndinkadziwa kuti ali m'kalasimo, pakuti fomu yolowera ku kolejiko ndinamuthandiza kulemba ndine. Ndinangodzinamiza kuti kachifunga ka pankhope kaja n'kokwanira.

2

Masana a tsiku lomwelo mtsikana uja anagogoda pa ofesi yanga kamodzi, n'kulowa ndisanamuyankhe.

"Madamu," anayamba choncho. Kenaka anatseka chitseko n'kutsamira pomwepo. "Amayi aang'ono, amene aja ndi amayi anga."

Inde, owerenga. Mayi Palibe ndi achemwali anga, bere limodzi. Makolo athu atamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, anandilera ndi iwowo, ndipo dzina langa ndinaphunzira kulemba atandigwira dzanja.

"Nkhope sikuoneka," ndinatero ndikusanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Diresi ija ndimachapa ndine. Mawu aja akhala akundidzutsa m'mawa uliwonse chibadwireni."

"Amayi ako anasaina fomu yovomereza. Zonse zinayenda mwa dongosolo la kafukufuku."

"Anasaina, eya. Mukudziwa zimene amauza anthu? Amati, 'Ine ndimaphunzitsa ku koleji osapondako phazi, mng'ono wanga amaonetsa kanema wanga.' Amaganiza kuti mumawaonetsa ngati chitsanzo chabwino." Anachoka pachitseko n'kuyandikira tebulo langa. "Ndifunseko chimodzi. N'chifukwa chiyani aima kukhomo? Amayi saima kukhomo. Zaka zonse amaima kuzenera."

Pulofesa amene ankandiyang'anira anamuona kanemayo kakhumi, oyesa buku langa anamuona, mazana a ophunzira anamuona, koma funso limeneli palibe anali atalifunsapo.

"Zimenezo n'za kajambulidwe, sungazimvetse."

"Patsala milungu itatu kuti mukaphunzitse aphunzitsi a m'dera la kwathu. Amayi ali pa mndandanda, ndipo agula kale kope latsopano loti akalembemo zimene muzikanena. Chonde, amayi aang'ono, musakamuonetse kanema ameneyu."

Munthu wabwino akanagwada pakapeti paja n'kupepesa. Ine ndinavula magalasi pang'onopang'ono.

"Chaka chamawa ukupita kukayeserera kuphunzitsa m'masukulu," ndinatero. "Amene adzabwere kudzakhala kumbuyo kwa kalasi yako ndi pepala la malikisi ndi ndani?"

Ndinavalanso magalasi n'kupitiriza.

"Ndiye samala pakamwa pako. Ndipo muno mulibe amayi aang'ono, muno muli Madamu. Utseke chitseko potuluka."

3

Ndibwerere m'mbuyo zaka zinayi. Kafukufuku wanga anali ndi lonjezo limodzi, loti ndisonyeza kuti aphunzitsi amene adutsa m'manja mwathu posachedwa amadikira ana, pomwe akale sadikira. Koleji inkaufuna umboni umenewo kuti njira yathu yatsopano ifalikire. Ndinayenda m'masukulu asanu ndi kamera yobwereka, ndinajambula aphunzitsi khumi ndi mmodzi, ndinakhala miyezi itatu mahedifoni ali kumutu ndikuwerenga masekondi. Zotsatira zake zinandigwetsa ulesi. Akale ndi atsopano omwe, onse ankadikira masekondi awiri basi, ngati anachita kupangana.

Pulofesa anatembenuza mapepala anga ndi chala chimodzi, uku akuyasamula.

"Mayi, manambala anuwa ndi oona, koma ndi ogonetsa tulo. Palibe mphunzitsi amene amasintha khalidwe chifukwa waona manambala. Mulibe kalasi imodzi yoti munthu akaiona agwire pakamwa?"

Ndisawanamizire bambo aja, sanandiuze kuti ndiname. Anangofunsa funso, ndipo yankho linandifikira m'mutu sekondi imodzi isanathe.

Loweruka ndinapita kwa achemwali. Ndinawapeza pakhonde akuchonga makope, bolopeni yofiira ili m'manja, ina atabaya m'tsitsi n'kuiiwala momwemo monga mwa masiku onse.

"Achemwali, ndikufuna mphunzitsi waluso woti ndimujambule, ophunzira athu aziphunzirirapo."

"Ine?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, m'tauni monsemu wasowa atsikana a maonekedwe mpaka ufike kwa nkhalamba ya fumbi la choko?"

"Palibe wokuposani."

Chimenecho chokha sichinali bodza. Ndinawapatsa fomu ya masamba atatu, anasaina osawerenga. Nditawakumbutsa kuti awerenge kaye, anandibaya paphewa ndi bolopeni. "Ndiwerengerenji? Walemba si ndiwe?" Ndikuchoka ndinawasiya atatulutsa kale diresi yabuluu ija m'sutikesi, akuifunira pothira madzi kuti aisite.

4

Achemwali anali ndi chinsinsi chimene tinkachidziwa anthu atatu okha: iwo, mwana wawo ndi ine. Khutu lawo lakumanzere linafa kalekale, ndipo lakumanja linali litayamba kutopa. Ahedi sankadziwa, alangizi a aphunzitsi sankadziwa. Akanadziwa akanawachotsa m'kalasi, ndipo kwa achemwali zimenezo zinali chimodzimodzi kuwakwirira ali moyo. Choncho anapeza njira zawozawo. Ankaima kuzenera khutu labwino litaloza kwa ana, ankayenda pakati pa madesiki, ankayang'ana milomo, ndipo mwana wosakweza dzanja sankaloledwa kuyankha. Ana awo ankakhoza kuposa a makalasi ena onse pasukulupo.

Tsiku lojambula ndinalawirira. Ndinaika kamera pakona ya kutsogolo, maikolofoni ndinaibisa pakati pa madesiki. Kenaka ndinatola kachidutswa ka choko n'kujambula mtanda pansi, pafupi ndi khomo.

"Achemwali, kuzenera kukuwala kwambiri, chithunzi chikuda. Muime apa."

Anayang'ana mtandawo, kenaka ine. "Apa? Iwe, ukudziwa kuti mbali iyi..."

"Ndi mphindi zochepa chabe. Musachoke pamtandapa, kamera singakutsatireni. Ndipo muziyang'ana kuno, osati kwa ana."

Kenaka ndinatembenukira kwa anawo ndi kumwetulira kwa mlendo. "Lero kulibe kukweza manja. Amene akudziwa yankho angonena, koma motsitsa mawu, makinawa sakonda phokoso."

Zotsatira mwazimva kale. Anaima pamtanda ngati mwana womvera, khutu lakufa litaloza kwa ana makumi asanu ndi limodzi, maso ali pa kamera. Ana ankayankha, maikolofoni inkamva, ine ndinkamva m'mahedifoni, iwo okha ndi amene sankamva. Ndinaona thukuta likudetsa kolala yoyera ija ndipo sindinazimitse kamera.

Belu litalira anabwera kwa ine manyazi ali m'maso.

"Ana anga lero achita mantha ndi kamera, sakhala chonchi. Pepa, mng'ono wanga, ndakuonongera ntchito."

"Mwachita bwino kwambiri," ndinatero, uku ndikufufuta mtanda uja ndi nsapato.

Pulofesa ataona kanemayo anawomba m'manja. Anati, "Apa ndiye mwabweretsa nkhani."

5

Maphunziro a aphunzitsi a m'dera la achemwali anachitikira mu holo ya sukulu ina ya sekondale. Munali aphunzitsi oposa makumi asanu, alangizi atatu atakhala patebulo la kutsogolo. Ndinene zoona, ndinapita nditaganiza kuti kanemayo ndimudumpha. Ndinali nditakonza kale kabodza koti laputopu yakana kumutsegula.

Nthawi ya tiyi ndinamva dzanja likundikoka pachigongono. Anali achemwali, atavala diresi yabuluu ya kolala yoyera. Diresi yawo yapamwamba inali imodzi yomweyo, ndipo anaivala pofuna kundilemekeza.

"Anzanga, bwerani mudzamuone!" anafuula, pakuti munthu wosamva bwino sadziwa kukula kwa mawu ake. "Madamu wamkuluyu ndi mng'ono wanga. Musamuone kutchenaku, ndinamulera kawiri ameneyu. Koyamba ali ndi mamina, kachiwiri ali ndi mphete!"

Anthu anaseka. Ine ndinaseka nawo, mano okha. Koma mawu akuti kachiwiri aja anandilowa ngati singano, ndipo titabwerera mu holo laputopu sinakanenso kanthu.

Achemwali anakhala pamzere woyamba, khutu lakumanja pafupi ndi sipika, kope latsopano lili pamiyendo. Kanema atayamba anagunda mnzawo ndi chigongono monyadira. Funso loyamba linamveka, kamtsikana kanayankha, kenaka, "Palibe? Chabwino, ndinene ndekha." Holo inaphulika ndi phwete. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu, mayi wina pamzere wachiwiri anayang'ana diresi ya pakanema, n'kuyang'ana diresi imene inali patsogolo pake, n'kugwira pakamwa. Kuseka kunazima kuyambira kutsogolo kumka kumbuyo, mpaka munatsala bambo mmodzi yekha pakona amene mnzake anamuponda phazi.

Achemwali anaimirira.

"Taimitsa kaye. Bweza m'mbuyo pang'ono."

Ndinabweza. Sipika inali yokweza kwambiri, ndipo kamawu kaja kanamveka holo yonse: "Twente-folo."

"Mwanayo anakhoza," anatero achemwali, osauza aliyense. "Anakhoza katatu, ine n'kumamuuza kuti palibe." Zaka zinayi zonsezi sankadziwa kuti ana aja ankayankha. Anatembenukira kwa alangizi. "Mphunzitsi ameneyo ndine, mabwana. Musavutike kufufuza. Sindimva bwino, ndipo papita zaka khumi ndi ziwiri ndikubisa."

Za mtanda sananene. Anatola chikwama, anasiya kope latsopano lija pampando, n'kutuluka pang'onopang'ono pakati pa mizere ya anthu ogwetsa nkhope. Ine ndinapitiriza phunziro mpaka folo koloko, ndipo pomaliza anandiwombera m'manja.

Patapita milungu iwiri kalata inafika kwa ahedi awo. Anawachotsa m'kalasi n'kuwapatsa kiyi ya kachipinda kosungiramo mabuku.

6

Mukufuna kudziwa za kachiwiri kaja. Ndakhala ndikuzungulira ngati galu wofuna pogona, koma ndifika.

Ndinakwatiwapo ndi mwamuna wogulitsa mankhwala m'famase, waulemu pagulu, wa malaya osita bwino. M'nyumba anali munthu wina. Lamulungu lina masana anakhoma chitseko n'kuyamba ntchito yake yondimenya, anthu oyandikana nafe atakweza mawailesi kuti asamve. Achemwali anali atabwera kudzandisiyira mabuku. Anaswa zenera la kukhitchini ndi njerwa n'kulowa, ndipo anandipeza pansi pa tebulo, bulawuzi itang'ambika, ndikupsompsona mapazi a mwamunayo kuti andisiye ndi moyo. M'manja mwake munali simbi yositira zovala. Achemwali anaima pakati pathu, ndipo simbi imene inkabwera pamutu panga inatera pakhutu lawo lakumanzere.

Khutu limene ndinalilozetsa kwa ana aja linafa chifukwa cha ine.

Ananditenga kwawo magazi akutsikira m'khosi. Anandisambitsa, anandidyetsa, anandigoneka pabedi pawo miyezi isanu ndi umodzi iwo akugona pansi. Sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi. Munthu akandifunsa kuti, "Bambo ali kuti?" ndisanatsegule pakamwa iwo anali atandiyankhira kale, pofuna kunditchinjiriza. Ndipo ine, m'malo mothokoza, ndinayamba kudana nawo. Ndinakwera, ndinavala gauni ya digiri, anthu anayamba kundiimirira ndikalowa m'chipinda, koma ndikakumana maso ndi achemwali ndinkadziona ndili pansi pa tebulo paja. Padziko lonse anali okhawo amene anandiona ndili choncho. Ndinkafuna nanenso ndiwaone ali pansi kamodzi kokha, kuti tifanane.

Musandifunse ngati ndinkadziwa zimenezi pamene ndinkajambula mtanda. Ndinkadziwa. Dzanja silinanjenjemere.

7

Panapita mwezi ndisanalimbe mtima kupita kusukulu kwawo. Ndinafika masana, ana ali m'makalasi. Kachipinda ka mabuku kali kuseri kwa ofesi ya ahedi, kali ndi kazenera kamodzi m'mwamba, ndipo mumanunkha fumbi ndi mphemvu. Khoma lake ndi lomwelo la kalasi yachinayi, moti mawu a mphunzitsi watsopano ankamveka, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndine. Achemwali anali patebulo akumata chikuto cha buku long'ambika. Anali ataonda, ndipo m'tsitsi munalibe bolopeni.

"Achemwali."

Anandilozera mpando wa kumanja kwawo. "Khala uku. Ndikufuna ndikumve bwino."

Ndinakhala. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'galimoto, koma anayamba ndi iwo.

"Mtanda uja ndinakuona ukuufufuta ndi nsapato. Tsiku lija ndinati, koma mwanayu ndi waulemu, akundisamalira simenti ya m'kalasi." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mpweya. "Mwana wako wa ku koleji uja wandibwerekera buku lako ku laibulale. Ndaliwerenga lonse, nthawi ndili nayo yambiri masiku ano. Muli zanzeru, iwe. Zikanakhala kuti unandiuza pakhonde paja, ndikanaziyesa Lolemba lake. Akuti masekondi asanu, eti?"

"Eya."

"Ndiye ndikufunsa funso limodzi, ndipo ndidikira." Anavula wotchi n'kuiika patebulo pakati pathu. "Ndinakulakwira chiyani?"

Masekondi asanu anadutsa. Khumi. Kuseri kwa khoma ana ankaimba matebulo a masamu. Ine amene ndimalankhula maola awiri mu holo popanda pepala, lilime linali gwa. Ndinene kuti munandipulumutsa? Ndinene kuti munandiona? Kamuvi ka wotchi kanazungulira kamodzi, kanayambanso kachiwiri, achemwali ali phee, maso ali pamilomo yanga kuti liwu ngakhale limodzi lisawadutse.

"Palibe?" anatero motsitsa.

Ndinadikira mawu otsatira. Ndi mtima wanga wonse ndinkafuna kuti anene okha, andiyankhire ngati kale, anditukwane, andimenye ndi buku. Sananene. Anavala wotchi yawo, anatembenuza mpando mpaka khutu lakumanzere linaloza kwa ine, n'kutolanso botolo la guluu.

Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinati pepani. Ndinanena katatu, kachitatu mokweza. Iwo anapitiriza kumata buku.

8

Owerenga, mwina mukuyembekezera kuti ndikuuzeni kuti kanemayo ndinamuotcha. Sindinatero. Kuti ndimuchotse ndiyenera kufotokoza mmene anapangidwira, ndipo ndikafotokoza, digiri ipita, ofesi ya kapeti ipita, dzina la Madamu Masekondi lisanduka nthabwala yotsatira. Pano makoleji ena awiri anamupempha ndipo akumugwiritsa ntchito. Mwana wa achemwali akakumana nane m'khonde amaima pambali n'kunena kuti, "Madamu," ndipo liwu limenelo limandiwawa kuposa mbama.

Chimene chimandidya n'choti phunzirolo ndi loona. Mwana amafunadi masekondi asanu. Aphunzitsi ambiri amene anaseka Mayi Palibe lero amadikira ana awo, ndipo ana amene ankangokhala duu ayamba kuyankha. Ndinaphunzitsa choonadi pogwiritsa ntchito bodza, ndipo mtengo wake analipira ndi mphunzitsi wabwino koposa amene ndinamuonapo.

Inu amene mumakhala m'maholo n'kumaonetsedwa chitsanzo cha mphunzitsi woipa, musafulumire kuseka. Funsani kuti anamuimika pamenepo ndani. Ndipo ngati tsiku lina adzakuonetsani mayi wa diresi yabuluu ya kolala yoyera, musayang'ane kachifunga ka pankhope. Yang'anani pansi. Pa mphindi yachitatu amasuntha phazi lakumanzere, ndipo nsonga ya mtanda wa choko imaoneka bwinobwino kwa masekondi awiri. Ndakuuzani poyang'ana. Mwina mmodzi wa inu adzakweza dzanja n'kundifunsa pagulu, chifukwa ine pandekha kulimba mtima kumeneko ndilibe.